Injini Yogona ndi Petulo M'mimba

Kalekale, koma osati kale lija la makolo ayi, kale loti ena amene anaona zimenezi akadali ndi mano awo m'kamwa, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe munali mayi wina dzina lake Elube, anthu ankangomuti Nangondo. Anakwatiwa chitengwa, kusiya kwawo n'kukakhala kwa mwamuna wake Yotamu, ndipo kumeneko anabereka ana awiri. Banjali linkadya ndi kuvala kuchokera ku dimba la anyezi. Koma dimbalo linali pamtunda, mtsinje uli kumunsi, potsetsereka poti nkhalamba imatsika chokhala pansi. Chimene chinkakweza madzi inali injini yaing'ono yofiira. Popanda injini imeneyo, dimbalo linali fumbi chabe.

Yotamu ankaisamala injiniyo kuposa mmene amuna ena amasamalira akazi awo, ndipo amuna enawo akudzidziwa okha. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, ntchito yothirira itatha, ankaiika pabwalo. Petulo wa m'thanki ankamutsanulira m'botolo, n'kuiliza injiniyo mpaka izime yokha, kenako n'kutseka kampopi ka petulo. Akatero ankatenga mpeni wothyoka nsonga n'kumasula kabawuti ka pansi pa kabuleta, kachikho kaja kamene petulo amadikiriramo asanalowe mu injini, kuti ngakhale kadontho kotsala kagwe pansi. Pomaliza ankadonthezera oilo pabowo la pulagi, kukoka chingwe pang'onopang'ono kawiri, n'kuiika pouma.

"Amake Tiyese, tabwerani mudzaone," ankatero kwa mkazi wake. "Petulo si madzi a mumtsuko. Akagona m'kachikho umu miyezi yambiri amauma n'kusiya ulimbo. Timabowo ta m'kati umu n'tating'ono ngati diso la singano. Tikatsekeka, mudzakoka chingwe mpaka mkono kuguluka."

"Ndamva, bambo ake Tiyese. Munanena chaka chatha."

"Ndidzanenanso chaka chamawa."

Sananenenso. Chaka chotsatiracho mvula yoyamba inagwa Lachiwiri. Yotamu anasenza injini kuchokera kudimba akunyowa, n'kuiika pakhonde, nati mawa aikhuthula. Mawalo anadzuka mutu ukuwawa, thupi lili moto. Lachisanu anamutengera kuchipatala pangolo, Loweruka amayi anali atayamba kale kulira. Injini ili pakhonde pomwepo, petulo pang'ono ali m'thanki, kachikho kali kodzaza.

Maliro anaikidwa, anthu anameta. Patapita masiku atatu Nangondo anatuluka m'nyumba, mpango wakuda kumutu, mpeni wothyoka uja m'manja. Anaikokera injini pabwalo n'kugwira chingwe.

"Alamu! Mukuchita chiyani?"

Anali Mizeki, mkulu wake wa malemu, munthu wa khosi lalikulu ndi mawu oti akalankhula nkhuku zimathawa.

"Ndikufuna ndiilize izime yokha, alamu. Muli petulo m'kati."

"Muilize? Pano? Dothi la pamanda a mng'ono wanga silinaume, inu mukufuna phokoso pakhomo ngati pali chinkhoswe? Anthu akamva ati chiyani? Ati Nangondo wayamba kale kuyesa katundu!"

"Mwini wake ankatero chaka chilichonse."

"Mwini wake wagona kumsitu. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku losudzula. Kodi kwanu kulibe mwambo?"

Tsiku losudzula ndi lija abale amakumana atakolola, kumasula wamasiye ndi kugawa katundu wa malemu. Apa n'kuti kudakali miyezi isanu ndi iwiri.

"Ndiye ndingomasula kabawuti aka basi," anatero Nangondo. "Sipamveka phokoso."

"Kumasula! Lero kabawuti, mawa pulagi, mkuja tidzapeza chigoba chokhachokha, zam'kati zonse zili kwa abale anu."

Apongozi ake a Nangondo, aNamaseko, anali pamphasa pakhonde pakati pa amayi a siwa. Sanakweze mawu. Anangoti, "Mayi iwe, misozi yako yauma msanga bwanji?"

Amayi onse aja anatembenuka. Nangondo anasiya chingwe, nabwerera m'nyumba atameza mawu oti akanawatulutsa denga likanapsa.

Tsono pamaliropo panali mchimwene wake wa Nangondo, Lifeyo, wa kabaza wa njinga yamoto. Anthu ena onse anali atabalalika, iye anali akadalipo chifukwa nyama ya mbuzi inali isanathe. Mawu aja akuti "abale anu" anamubaya. Ataona Mizeki akulowetsa injini m'kachipinda kosungiramo makasu, anadzuka akupukuta pakamwa.

"Taimani kaye, achimwene a malemu. Ife kwathu sitiba zitsulo, timazidziwa. Ine ndimadzuka ndi injini, kuswera ndi injini. Thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati, kenako dzimbiri. Mukaitsekera chonchi mudzapeza yabooka."

Anapita panjinga yake n'kubwera ndi mabotolo awiri a petulo. Petulo ameneyo, abale, ali ndi mbiri yake. Anali wa Zelifa, mkazi wa mwini amene ankagulitsa m'mabotolo pamphambano. Dera lonse linkadziwa zinthu ziwiri: kuti Zelifa amabatiza petulo wake ndi palafini ndi zina zoti mwini wake yekha ndiye adzayankhe kumwamba, ndiponso kuti Lifeyo ankalandira mabotolowo pakhomo lakuseri, mwamuna wa Zelifa akapita kumsika kukagula mbuzi. Wosadziwa anali mwamunayo yekha, kapena ankadziwa koma ankaopa Zelifa.

Mizeki anayang'ana mabotolowo. "Kuthira si kuchotsa," anatero. "Thirani."

Lifeyo anathira mpaka pakamwa pa thanki. Kenako anatsegula kampopi ka petulo mpaka kumapeto. "Kuti mmero wake usaume," anatero monyada. Mizeki anailowetsa injini m'thumba, n'kulimanga ndi luzi laliwisi, mfundo pamwamba pa mfundo, podziwa kuti luzi likauma silimasulika koma kuduka, ndipo wokhudza aliyense adzadziwika. Anatseka chitseko ndi loko, kiyi anamumangirira pachingwe n'kuvala m'khosi.

Potsanzika, Lifeyo anasuzumira m'nyumba ya siwa.

"Elube, usadandaule za injini. Ndaikhutitsa."

"Mwaitani, achimwene?"

"Ndadzaza thanki. Mabotolo awiri, mphatso yanga kwa ana."

Nangondo anaimirira. "Nanga kampopi?"

"Ndatsegula, petulo aziyenda."

"Mayo ine! Achimwene, anakutumani ndani? Wa m'kachikho akamauma, wina azitsika, kuuma, wina kutsika, mpaka ulimbo kudzaza! Munandifunsa ine?"

"Iwe, unayamba wakhalapo pachiwongolero? Njinga yanga ndimaidzaza tsiku lililonse, inafapo?"

"Njinga yanu imayenda tsiku lililonse! Imagona tsiku limodzi, mwina pakhomo pa Zelifa, koma sigona dzinja lonse!"

Amayi a siwa anagwira pakamwa, ena kubisa nkhope m'zitenje. Lifeyo analiza njinga yake n'kuchoka osatsanzikanso.

Kuyambira pamenepo Nangondo sankadutsa pa kachipinda kaja osamva mtima ukuwira. Anapita kwa Mizeki kukapempha kiyi. Anakanizidwa. Anapitanso sabata yotsatira, kugwada mwaulemu, kufotokoza za timabowo ndi ulimbo monga ankafotokozera malemu. Mizeki anaseka.

"Alamu, mwasanduka makaniko liti? Chabwino, ngati kiyi mukumufunitsitsa, mudzabwere Lachinayi. Amayi a kunyumba amapita kuchigayo Lachinayi. Tidzakambirane bwinobwino, ngati anthu a banja limodzi."

Ananena akusisita kiyi pachifuwa. Nangondo anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kulavula pambali pa phazi la mlamu wakeyo. Lachinayi sanapite. Koma nkhani inayenda yokha pachitsime, ndipo poifikitsa kumalire a mudzi inali itasanduka yoti Nangondo ndiye amasowetsa Mizeki mtendere. Enanso anawonjezera kuti matenda a masiku anayi okha si matenda wamba, ndipo mkazi wofunsa za injini maliro asanazizire akudziwapo kanthu.

Komabe tisamunamizire Mizeki, pali tsiku limene anachita zaumuna. Khirisimasi itayandikira kunabwera amalume awo a malemu kuchokera kutauni, pagalimoto yapikapu, atavala jekete. Anati injini akaisunge kwawo kumene kuli nyumba ya malata. Aliyense ankadziwa kuti katundu wokwera pikapu imeneyo sabwerera, njinga ya malemu wina inapita choncho. Anthu awo anali atayamba kale kugwedeza loko pamene Mizeki anatulukira, nkhwangwa paphewa, n'kuima pachitseko.

"Malume, ulemu wanu ndikuudziwa. Koma injini iyi ndi ya ana a Yotamu. Amene akufuna kulowa ayambe wadutsa pa ine."

Pikapu inabwerera yopanda kanthu. Tsiku limenelo Nangondo sanadziwe ngati athokoze kapena atukwane.

Mu Januwale chimanga chinafuna feteleza wachiwiri, ndipo matumba ake anali m'kachipinda komwe kaja. Mizeki anali atapita kumaliro kutsidya, kiyi anasiyira amayi ake. ANamaseko anatsegula, naima pakhomo ngati msilikali. Nangondo atangolowa, fungo linamuwomba, fungo la petulo wovunda, lotsekemera moipa ngati utoto wakale. M'chiuno, mkati mwa chitenje, anali atabisa mpeni wothyoka uja.

Mwadzidzidzi kunja kunamveka mfuu: mbuzi zalowa m'munda wa aNamaseko. Agogowo anathamanga akutukwana mbuzi ndi eni ake omwe. Nangondo anatsala yekha.

Anagwada pafupi ndi thumba, natulutsa mpeni. Ntchito yake inali yochepa, kudula luzi, kutseka kampopi, kumasula kabawuti. Munthu womwa madzi m'chikho sakanamaliza iye asanathe. Anaika mpeni paluzi. Kenako anaona m'maganizo mwake luzi loduka lili m'manja mwa Mizeki pabwalo, petulo atanyowetsa pansi, apongozi akununkhiza manja ake. Akanati waba chitsulo, kapena wathiramo mankhwala monga anathirira mwini wake. Akanamupitikitsa chimanga chisanache, ana n'kutsala ndi anthu amenewa. Misozi ya ukali inagwera pathumba. Anabweza mpeni m'chiuno, kusenza feteleza, n'kutuluka.

Dzinja linatha, anthu anakolola. Nangondo anafesa anyezi panazale, ndipo kumayambiriro kwa Juni anawokera m'dimba lonse, mabedi makumi anayi, podalira chinyezi chotsala ndiponso podziwa kuti tsiku losudzula lafika.

Patsikulo kunabwera ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Nangondo anapempha kuti asabwerere kwawo, akhale pamudzipo alere ana pa dimba la bambo awo. Mizeki anati dimba ndi ntchito ya amuna, alipatse iye, ana aziwadyetsa yekha. Anakangana mpaka mowa wa mwambo kuyamba kusasa. Pomaliza ankhoswe anagwirizana chimodzi.

"Dimba silikhala ndi wolilirira, limakhala ndi wolithirira. Nangondo akalithirira chaka chino, akhale, dimba ndi injini zikhale m'manja mwake mpaka ana akule. Akalephera, abwerere kwawo, dimba aligwire Mizeki."

Mizeki anavula kiyi m'khosi n'kumuponya pamphasa.

M'mawa mwake mudzi wonse unatsikira kumtsinje, ngakhale amene alibe dimba, ngakhale amene amati miyendo imawawawa akaitanidwa kuchitukuko. Nangondo analumikiza mapaipi, anathira madzi m'pampu, nakoka chingwe. Injini inangoti fuu. Anakokanso. Fuu. Anakoka kakhumi, thukuta likutsika m'khosi.

"Tapatuka, mkono wachikazi uwo," anatero Lifeyo, amene anabwera dala kudzalandira mayamiko. Anavula malaya kuti atsikana aone, nakoka mpaka mitsempha kutuluka. Injini osatsokomola n'komwe.

"Chokani apo, wakabaza," anatero Mizeki. Analavulira m'manja, anaponda injini ndi phazi limodzi, nakoka ndi mphamvu zonse. Chimene chinalira si injini, koma buluku lake, kung'ambika kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Amayi anagwa pansi ndi phwete. Nangondo yekha ndiye sanaseke. Maso ake anali pa anyezi amene nsonga zake zinali zitayamba kale kuyera.

Anatuma munthu kukatenga Gelesomu, makaniko wa pamsika, bambo wachete wa zala zakuda ndi oilo. Atafika, Gelesomu anayala chiguduli, namasula kabawuti. Sipanatuluke kanthu. Anagogoda kachikho mpaka kanachoka, ndipo anthu oyandikira anatseka mphuno. M'kati munali phala lobiriwira, lolimba ngati phula, pansi pake chitsulo chitayera n'kumafumbutuka ngati chinangwa chofumbwa. Anayesa kumasula kachitsulo ka timabowo kaja. Kanathyokera momwemo.

Gelesomu anapukuta zala. "Kabuleta iyi yafa."

"Itsukeni!" anakuwa Nangondo.

"Ulimbo umatsukika, mayi. Koma petulo uyu anali ndi madzi, adya chitsulo. Pakufunika ina, ndipo ya mtundu uwu ndi yakale. Ndifunsa ku Lilongwe. Mwina mwezi, mwina itatu, mwina osapezeka."

"Anyezi wanga sadikira ngakhale masiku anayi."

"Zimenezo ndikuziona."

Nkhoswe ya kuchimuna inafunsa, "Tiuzeni, amisiri. Waipha ndani?"

"Ine ndimadziwa zitsulo, sindidziwa milandu," anatero Gelesomu. "Koma ndinene zimene chitsulo chikunena. Akanaikhuthula tsiku loitsekera, bwenzi yalira pa chingwe chachiwiri."

Maso onse anapita kwa Mizeki.

"Komanso, akanaisiya ndi petulo wochepa uja wa malemu, wabwinobwino, osawonjezera zamadzi izi n'kutsegula kampopi, ulimbo ukanakhala wochepa. Bwenzi ndatsuka pompano, madzi akukwera."

Maso onse anapita kwa Lifeyo. Iye anati, "Nanga thanki? Tanenani za thanki!"

Gelesomu anasuzumira. "Thanki ilibe dzimbiri. Pamenepo simunaname. Koma thanki sipopa madzi." Kenako anawonjezera, ngati munthu wolankhula yekha, "Ndipo ngakhale pakati pa dzinja, wina akanangotseka kampopi n'kumasula kabawuti, ikanapulumuka."

Apa aNamaseko anadzuka ndi ndodo yawo.

"Pakati pa dzinja? Ndiye mufunseni uyu! Mu Januwale ndinamusiya yekha m'chipinda muja, ine n'kuthamangitsa mbuzi mpaka kumjigo. Pobwera ndinasuzumira pazenera, ndinamuona atagwada pathumba, mpeni m'manja. Ankadziwa chochita. Anausunga mpeni wake n'kutuluka!"

Anthu anati haa. Mizeki, dzanja limodzi litagwira buluku kumbuyo, analoza ndi linalo. "Mwamva? Ine sindinkadziwa za timabowo. Wodziwa ndi uyu, ndipo anaisiya ife!"

Nangondo anamutembenukira, ndipo zonse zimene anameza miyezi isanu ndi iwiri zinatuluka nthawi imodzi.

"Simunkadziwa? Alamu, simunkadziwa? Ndinakuuzani pabwalo, mukunditukwanira mwambo wa kwathu! Ndinakuuzani nditagwada pakhomo panu kawiri! Munandiyankha chiyani? Nenani pano, akazi anu ali apo akumva. Munati ndibwere tsiku lanji?"

Mkazi wa Mizeki anatsitsa mtsuko umene anasenza, pang'onopang'ono, n'kuuika pansi. "Tsiku lanji, bambo ake Limbani?"

"Izi si za pano," anatero Mizeki.

"Lachinayi, akazi anzanga, tsiku la chigayo!" Nangondo anatembenukira kwa apongozi. "Ndipo inu amayi, munandiona pazenera. Ndikanadula luzi lija mukanaimba nthungululu? Si inu munkauza anthu pachitsime kuti mwana wanu sanafe imfa ya Mulungu? Mukanandisiya ndigone pamudzi pano? Munandimanga manja nonsenu, lero mukufunsa chifukwa chake sindinawombe m'manja!"

"Elube, auze!" anakuwa Lifeyo.

"Inu khalani chete, achimwene! Mukanasunga mphatso za chibwenzi chanu m'njinga mwanu, bwenzi madzi akuyenda m'mabedi anga. Mwandiphera ana ndi petulo wa pakhomo lakuseri!"

Tsoka ilo, mwamuna wa Zelifa anali m'gulumo, anabwera kudzamwetsa mbuzi. Anafunsa mofatsa kuti khomo lakuseri lake la ndani. Panatenga amuna anayi kuti amukhazike pansi, ndipo Lifeyo anavala malaya ake chakumbuyo.

Phokoso litachepa, ankhoswe anapita pambali kukanong'onezana. Pobwera anaitanitsa ndowa ziwiri n'kuziika pakati pa anthu.

"Anyezi sadziwa milandu," inatero nkhoswe ya kuchikazi. "Mpaka kabuleta ina idzapezeke, madzi akwere pamutu pa munthu. Mabedi makumi anayi, potsetsereka apa, m'mawa ndi madzulo. Mayi mmodzi wa ana awiri sangathe, tonse tikuona. Ndiye tagwirizana kuti amene wapha injini asenze ndowa izi chilimwe chonse. Akakhala Mizeki kapena Lifeyo, dimba lathiriridwa m'dzina la Nangondo, ndipo Nangondo akhala. Koma akakhala Nangondo mwini, ndiye kuti walephera yekha. Mawu a dzulo agwire ntchito, abwerere kwawo."

Anauza aliyense kuti adzinenere.

Mizeki anati, "Ine ndinasunga mwambo umene sindinaupange ine. Makolo anauika kuti katundu wa amasiye asabalalike, ndipo munaona nokha amalume akubwerera chimanjamanja. Pakanapanda loko wanga ndi nkhwangwa yanga, bwenzi lero tikukangana za injini iti? Sindinathiremo kanthu, sindinachotsemo kanthu. Ndinaipereka monga ndinailandirira. Mundisenzetse ndowa chifukwa chotseka chitseko?"

Lifeyo anati, "Ine ndinapereka, sindinalande. Pamaliro onse aja ndani wina anaganizako za injini ya ana? Zimene ndinkadziwa ndinachita, ndipo amisiri avomereza kuti thanki ili bwino. Kulakwa kwanga kunali kwa tsiku limodzi. Chitseko chikanatseguka mawa lake, mlongo wanga akanakonza. Amene anasandutsa tsiku limodzi kukhala miyezi isanu ndi iwiri si ine. Ndipo ndikasiya njinga n'kumasenza madzi pamudzi wa eni, ana anga adya chiyani?"

Pomaliza anadzuka Nangondo. Polankhula mawu ake anali atasasa.

"Ine ndinkadziwa, sindikana. Mpeni unali paluzi. Ndinasankha kugona ndi ana anga dzinja lija m'malo mopulumutsa chitsulo. Mukandibwezera m'chipinda muja lero, sindikudziwa ngati ndingadule. Koma ndinalankhula pamene panafunika kulankhula, munanditseka pakamwa. Lero mukufuna mundithamangitse chifukwa ndinakumverani."

Nkhoswe ya kuchimuna inati mwambo sulakwa, ndipo munthu woona nyumba ikupsa ali ndi madzi m'manja sangaloze amene anafolera udzu. Nkhoswe ya kuchikazi inati mwambo ndi wosunga katundu, osati wowoletsa, ndipo wovala kiyi m'khosi wavalanso mlandu. Amayi ena anati Mizeki ndi Nangondo alibe mlandu, wolakwa ndi wakabaza amene anathira manja m'mbale ya eni osaitanidwa. Mkazi wa Mizeki anati iye za injini sakuzidziwa, koma ndowazo zimuyenera mwamuna wake, ndipo Lachinayi azisenza zinayi. Gelesomu anakulunga zitsulo zake m'chiguduli n'kunyamuka mwakachetechete, kuopa kufunsidwanso.

Dzuwa linafika paliwombo anthu akadakangana. Anyezi anali atagona chammbali m'mabedi, ndowa ziwiri zija zili pakati, aliyense akuzilambalala ngati muli njoka.

Tsopano mlandu uwu wafika kwa inu amene mwamva, ndipo musayankhe mothamanga chifukwa mayi uja katundu wake sanamange, sanamasulenso. Mizeki anatseka chitseko natseka ndi makutu omwe, koma popanda iye injini ikanapita kutauni. Lifeyo anathira zoipa ndi mtima wabwino, osafunsa mwini. Nangondo yekha ndiye ankadziwa mankhwala ake, mpata anaupeza, mantha anamugwira dzanja. Tanenani inuyo, awerame ndani kutola ndowazo?